Ana a Kudimba

Pakhoma la ofesi ya sukulu yathu, mbali yoyang'ana msewu wochokera ku Malomo, pali mawu a penti yabuluu akuti MWANA ALIYENSE AWERENGE. Ndinalipo tsiku limene ankawalemba. Ahedi anabwera nawo kuchokera ku msonkhano wa kuboma, n'kutiuza kuti chimenecho ndicho cholinga cha sukulu zonse za m'boma lathu, kuyambira za m'mbali mwa tala mpaka zathu zino za kumapiri, kumene mabuku amafika chaka chitafika pakati. Tinaomba m'manja. Ine pa uphunzitsi wanga ndaombera m'manja zolinga zambirimbiri, moti manja anga anazolowera, amaomba okha mutu uli kwina.

Nditangoyamba ntchito, kuphunzitsa kunali kuima kutsogolo, kulankhula, ana n'kubwereza. Kenako anatiitana ku zoni pa holide n'kutiuza kuti zimenezo n'zachikale, ana azikhala m'magulu, azikambirana, mayankho azipeza okha. Ndinayesa ndithu. M'kalasi mwanga munali ana oposa zana okhala pansi, mwendo wa uyu uli pamsana pa uyo, ndipo kuti apange magulu pankafunika kudumphana mpaka belu kulira. Titayamba kuzolowera, anatiitananso. Ulendo uno anati zophunzitsira zili pakhomo pomwe, tizitolera zitsekerero za mabotolo, zitsononkho ndi timiyala. Kona ya kalasi yanga inasanduka dzala, mbewa n'kupezapo mudzi. Ulendo uliwonse ankatipatsa banzi ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, n'kutiuza mwaulemu kuti zimene anatiphunzitsa ulendo wathawo zinali zoperewera. Munthu umatopa. Sutopa ndi ana ayi, umatopa ndi kuyambiranso.

Njira imene inabwera pamodzi ndi penti yabuluuyo inali ya makalasi a ana aang'ono, Sitandade 1 mpaka 4. Mphunzitsi aliyense analandira buku lonenepa, momwe phunziro la tsiku lililonse linali litalembedwa kale, ngakhale mawu oti anene akalowa m'kalasi. Poyamba mphunzitsi achite yekha ana akuonerera, kenako achite pamodzi ndi ana, pomaliza ana achite okha. Phunziro lililonse linali ndi tsiku lake, ndipo sukulu zonse zinkayenera kuyendera limodzi, kuti mwana akasamuka kuno kupita ku Chisepo kapena ku Mponela akapeze anzake ali pa tsamba lomwe walisiya. Sindinama, njirayi inali ndi nzeru zake. Ndinaona ndi maso anga tiana ta Sitandade 2 tikuwerenga zolembedwa pa magolosale, zimene kale zinkawavuta ngakhale a Sitandade 4. Koma bukulo silidikira munthu. Silidziwa malungo, silidziwa kuti mtsinje wadzaza, silidziwa kuti nthawi yosoka fodya theka la kalasi limaswera m'zigafa. Wajomba wajomba, anzake apita. Lachisanu linali tsiku lobwereza, inde, koma mphunzitsi mmodzi angabwereze chiyani kwa ana amene aliyense anatsalira pakepake?

Oona ngati cholingacho chikutheka anali alangizi a zoni yathu, bambo aulemu wawo, ovala jekete yachikopa ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ankabwera pa mthuthuthu osanena tsiku. Akafika ankalowa m'kalasi, kuona ngati mphunzitsi ali pa phunziro la tsikulo, kenako n'kuloza ana angapo mwachisawawa, uyu, uyo, uja wakumbuyoyo. Mwana ankaimirira n'kuwerenga kandime, iwo akuyang'ana nthawi pa foni. Zotsatira ankapita nazo ku msonkhano wa mahedi, kumene sukulu zinkatchulidwa kuyambira yoyamba mpaka yomaliza, ndipo hedi wa sukulu yomaliza ankaimirira pamaso pa anzake kufotokoza chimene chamuvuta.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma alangizi athu ng'oma yawo inkamveka akadali kutali. Msewu wobwera kwathu umatsikira kumtsinje kenako n'kukwera chitunda chamiyala, ndipo pachitundapo mthuthuthu uja unkalira ngati mbuzi yomangidwa. Njinga za kabaza zimadutsa zambiri, koma uwu unali ndi kulira kwakekwake, ngakhale mwana wa Sitandade 1 ankaudziwa. Kuchokera pomwe wamveka kufika pomwe waima pabwalo, munthu ukhoza kusesa kalasi, kupachika matchati ndi kusamba m'manja. Apa m'pamene panabadwira mwambo wathu, ndipo amene anauyambitsa sindimudziwa. Mthuthuthu ukangomveka, ana amene sakanatha kuwerenga paokha ankatuluka mwakachetechete, kukatenga makasu ndi makheni othiririra m'kachipinda ka kuseri kwa ofesi, n'kutsikira ku dimba la sukulu kudambo. Wina akanafunsa, yankho linalipo kale: akuphunzira ulimi pochita, monga silabasi ifunira. Palibe anafunsapo. Anzawo anawapatsa dzina, ankawatcha ana a kudimba.

Ine ndimaphunzitsa Sitandade 6, kotero zimenezi ndinkangozionera pawindo, patali, timitu tokha tikutsika kuseri kwa mabulugamu, ndipo sindinalabadirepo zofufuza kuti ndi ana a yani. Pa buleki muofesi tinkaseka nazo, kuti mpiru wa pasukulu pathu umanenepa teremu imene alangizi ayendayenda. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwambi umenewu ndinkauphunzitsa ndekha m'kalasi, n'kuufunsanso pa mayeso.

Ndili ndi mwana wamkazi, mzime wanga, amene anabwera nditaganiza kuti za matewera ndathana nazo. Bambo ake amagwira ntchito ku Mponela, amabwera kumapeto kwa mwezi, ndiye timakhala awiriwiri m'nyumba ya aphunzitsi yodontha pakona. Ali Sitandade 2 anadwala malungo aakulu, magazi n'kuchepa, ndipo teremu yachiwiri pafupifupi yonse anaithera pa bedi la kuchipatala ndi pa mphasa. Pamene ankachoka, anzake anali pa ba, be, bi. Pobwerera anawapeza ali pa nkhwa ndi mphwa. Koma mwanayu ali ndi khutu. Kalasi ikangowerenga pamodzi kangapo, iye tsamba lonse lalowa m'mutu, chala chikuyenda bwinobwino pansi pa mizere. Anakhoza nazo mpaka kulowa Sitandade 3, ndipo ine, mphunzitsi wa zaka zonsezi, ndinkamumvetsera pakhonde n'kumanyadira.

Tsiku lina m'nyengo ya mvula anabwera kunyumba yunifolomu ili matope akuda mpaka m'chiuno. Ndinayamba ndi kukalipa, poti sopo samera m'munda. Pomuvula ndinaona matuza m'manja mwake, limodzi litaphulika. Nditafunsa, anangoti kunabwera mthuthuthu, ngati kuti yankho limenelo n'lokwanira. Ndinakhala pansi. Ndinatenga buku lake, ndinaphimba chithunzi ndi dzanja, n'kuloza mawu amodzi pakati pa tsamba. Anawayang'ana, anandiyang'ana ine, kenako anayamba kulakatula kuchokera pamwamba pa tsamba, mokoma, osaphonya. Ndinaloza mawu ena, iye n'kuyambiranso pamwamba. Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene chinandiwawa koposa, kuti mwana wanga sawerenga, kapena kuti sukulu yonse inkadziwa kupatula ine.

M'mawa mwake ndinalunjika ku Sitandade 3 belu lisanalire. Mphunzitsi wa kalasiyo anali mnzanga wa ponda apa nane ndipondepo, nyumba zathu zoyang'anizana, mchere tinkapemphana pa mpanda. Ndinamulankhula mawu amene sindingawalembe pano. Anandisiya mpaka mpweya unandithera, kenako anati ankafuna kundiuza kuyambira teremu yoyamba koma ankasowa poyambira, poti nthawi zonse ankandipeza ndikutama mwanayo. Anati anayesapo kubwerera m'mbuyo ndi otsalirawo, koma alangizi atamupeza ali pa phunziro la sabata yapita anamudzudzula kuti akuchedwetsa kalasi yonse.

"Nanga wangayu simukanangomusiya m'kalasi?" ndinafunsa.

"Asisi, ndikanamusiya chifukwa ndi wanu, anzake aja ndikanawauza chiyani?"

Ndinangotembenuka, ulendo wa kuofesi, mkwiyo ndikadali nawo koma wosowa pougwetsera.

Ahedi athu anali bambo achikulire, mkulu wa mpingo, otsala pang'ono kupuma pa ntchito. Sanakane kanthu. Anandipatsa mpando, anavula magalasi, n'kundifotokozera za tsiku limene anaimirira ku msonkhano wa mahedi sukulu yathu itatchulidwa komaliza. Anati anafotokoza za mtsinje, za fodya, za kuchuluka kwa ana, ndipo otsogolera msonkhanowo anawayankha kuti mitsinje ili konsekonse. Ena mwa mahedi amene ankaseka anali anthu amene iwo anawaphunzitsa akadali ndi mamina. Anati pa msinkhu wawo sangathenso kuimirira chotero.

"Mlendo ndi mame, Madamu," anatero. "Abwera, aona, apita. Ana aja akabwerako kudimba amapitiriza kuphunzira monga kale."

Ndinawauza kuti mame amauma, koma mwana saiwala kuti anatulutsidwa. Anapukuta magalasi nthawi yaitali, pomaliza n'kuvomera kuti wanga asapitenso. Za ana enawo ndinazitchula, iwo anayang'ana kudenga, ine ndinayang'ana pansi, nkhani n'kuthera pomwepo. Tonse awiri tinali otopa, ndipo panja ana anali atayamba kale kuimba pa asembule.

Chimene ndinkafuna chinali chimodzi. Mthuthuthu ukadzamvekanso, mwana wanga adzakhale pamalo pake m'kalasi, amuloze kapena asamuloze, bola adziwe kuti iye ndi mwana wa sukulu osati wa dimba. Ndinayamba naye masana aliwonse tikaweruka. Buku ndinalibisa, poti ankalidziwa kuposa amene analilemba. Tinkakhala kuseri kwa nyumba, ine ndi kamtengo, kulemba pa dothi. Tinabwerera ku a, e, i, o, u, mwana wa Sitandade 3 wathunthu, nkhuku zikutipondera malembo.

Kuphunzitsa mwana wako ndi chilango. Ana a eni ndimawapirira tsiku lonse, wina kumuuza chinthu chimodzimodzi mobwerezabwereza ndikumwetulira, koma wanga akangophonya kachiwiri mawu anga ankamveka mpaka kumjigo. Ankalira, ine n'kulowa m'nyumba kukamwa madzi, n'kubwerako tiyambirenso. Masiku ena ndinkafika thupi lonse lili lefu, kukhosi kouma ndi choko, mulu wa makope osachonga ukundidikira, ndipo ndinkalakalaka wina atandiuza kuti zisiyeni, adzawerenga akadzakula. Bambo ake atabwera kumapeto kwa mwezi ananenadi zomwezo, ndipo ndinawakalipira mpaka anabwerera ku Mponela tsiku lisanakwane.

Pa holide ya Pasaka anatiitananso ku zoni kukatikumbutsa za njira yomweyi. Ndinakweza dzanja, chinthu chimene sindichita kawirikawiri poopa kuchedwetsa banzi. Ndinafunsa, osatchula kuti ndi wanga, kuti mwana amene wadwala teremu yonse timutani, poti buku lamusiya. Otiphunzitsawo, mayi olankhula bwino ochokera kuboma, anati funso langa ndi labwino kwambiri, tiliombere m'manja. Tinaliombera. Kenako anati mphunzitsi waluso amapeza nthawi, masana kapena Loweruka, ndipo makolo nawo atengepo mbali, poti mutu umodzi susenza denga. Sananame. Kungoti makolo ambiri kwathu kuno masana ali kumunda, ena malembo anawasiyira pa Sitandade 2 pomwepo, ndipo mphunzitsi waluso uja masana amakhala atatheratu. Ndinaganiza za ana enawo amene analibe mayi wa kamtengo kuseri kwa nyumba, kenako ndinasiya kuganiza, poti anati tigawike m'magulu.

Mvula inatha, anthu anakolola, magalimoto a fodya anayamba kukwera ndi kutsika. Kuseri kwa nyumba kuja malembo anayamba kugwirana. Ba, be, bi anabwera, kenako mba ndi nda, kenako nkhwa ndi mphwa aja amene anamuthawa ali m'chipatala. Mwanayo sankathamanga ayi. Ankawerenga ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala, kuponda apa, kuima, kuyesa patsogolo. Koma ankawoloka yekha.

Loweruka lina tikuchokera kuchigayo, ufa uli pamutu, tinadutsa pa ofesi. Mwana wanga anaima. Khoma lija ankalidutsa tsiku ndi tsiku chiyambire sukulu, koma tsiku limenelo anakweza chala m'mwamba n'kuyamba kuphatikiza, mwa, na, mpaka kumapeto. Atamaliza anabwereza mwachangu n'kuseka, poti sankadziwa kuti pakhomapo pali nkhani. Ine ndinatula ufa pansi. Ndinamuuza kuti wadzimvera yekha, mawuwo akunena iyeyo, ndipo mthuthuthu ukadzabwera asadzasunthe, ahedi avomera, aphunzitsi ake avomera. Anati chabwino, maso ali kudambo.

Unabwera mu Juni, m'mawa wa nkhungu, mphepo ikulowa ndi kutuluka m'mawindo athu opanda magalasi. Ndinali pa bolodi ndikulemba za mitsinje ya m'dziko muno pamene ndinaumva ukulira pachitunda. Ndinapita pawindo, ulendo uno kukayang'anitsitsa. Mzere uja unatuluka kuseri kwa ofesi monga mwa nthawi zonse, makasu pamapewa, makheni akugundana. Ndinayamba kupuma bwino, kenako ndinaona juzi yofiira, imene ndinamugulira pa kaunjika ku Mponela, ili pakati pa mzere. Sinali kumbuyo ngati ya munthu wochita kukankhidwa. Inkayenda bwinobwino, khasu lili paphewa.

Ndinauza kalasi kuti ikopere za pa bolodi, ine n'kutuluka. Mnzanga uja ndinamupeza pakhomo la kalasi yake, buku lonenepa lili m'manja, nkhope itagwa. Anati sanamutume, anamuitana ndi dzina, anamugwira ngakhale pa juzi, koma mwanayo anapulumuka n'kuthamangira anzake. Kumuthamangira sakanatha, alangizi anali atafika kale pa mabulugamu.

Ndinatsika kudambo ndi nsapato zanga za kuntchito, ndikuterereka pa udzu wonyowa. Dimbalo ndinali ndisanalionepo pa nthawi ngati imeneyi. Panalibe wamkulu aliyense, koma ana aja sankasewera. Aliyense ankadziwa bedi lake. Okulirapo ankatunga madzi pachitsime n'kumapatsira ang'onoang'ono, ena akupalira mpiru, ndipo onse ankalankhula monong'ona kuopa kuti phokoso lingamveke kumtunda. Wanga anali atagwada pa bedi la kumapeto, akuzula udzu ndi zala zofiira ndi chisanu. Atandiona anadzidzimuka, n'kuyang'ana kumtunda.

"Amayi, bwererani, angakuoneni."

Ndinamuuza kuti adzuke tizipita, iye tsopano amawerenga, ndinamumva ndekha, khoma lija analiwerenga popanda womuthandiza. Anapukusa mutu.

"Ndimawerenga pang'onopang'ono. Akandiloza ine, nthawi ya pa foni ija itha ndisanamalize. Ndiye sukulu yathu ikhala yomaliza, ahedi akawaimiritsa." Ananena modekha, monga momwe ine ndimafotokozera ana m'kalasi. "Ife a kudimba timathandiza sukulu, Amayi."

Ndinafufuza pambuyo pake, palibe mphunzitsi amene anamuuzapo zimenezi. Ana amatola okha zimene akulu timalankhula pa khonde la ofesi. Anaziphunzira yekha, ndipo anazigwira bwino kuposa phunziro lililonse la m'buku lonenepa lija.

Ndinamugwira dzanja n'kukoka. Analimbitsa miyendo m'matope. Ndikanatha kumunyamula, ndi kamwana kopepuka, koma nditakweza maso ndinapeza dimba lonse laima, makheni ali m'manja, likundiyang'ana. Ulendo uno ndinawazindikira. Uyu wa mayi amene timakhala benchi limodzi kutchalitchi, uyo wa bambo amene amatigulitsa nkhuni, wamtali uja ndinaphunzitsa mkulu wake. Sankandiyang'ana mwaukali ayi, ankangodikira kuti aone ngati mwana wa aphunzitsi atengedwe, iwo n'kutsala. Funso la mnzanga lija linandipeza pomwepo. Ndinasiya dzanja lake, ndinavula nsapato, ndinalandira kheni kwa kamtsikana kena kamene kankalephera kuinyamula, n'kuyamba kuthirira.

Nkhungu itayera, mthuthuthu unalira pabwalo n'kuyamba kutsika. Msewu umadutsa pamwamba pa dimba. Alangizi anachepetsa liwiro, anatiyang'ana, n'kutikwezera dzanja. Ana anapereka moni onse pamodzi, mwaulemu monga tinawaphunzitsira. Poweruka ahedi anandiuza, osandiyang'ana m'maso, kuti alangizi ayamikira kwambiri kuona ana akuphunzira ulimi pochita, mphunzitsi ali nawo limodzi wopanda nsapato. Anati nkhaniyi akaitchula ku zoni ngati chitsanzo.

Papita zaka tsopano. Ahedi aja anapuma, penti yabuluu inasuluka, ndipo ndamva kuti holide ikubwerayi atiitananso ku zoni, kwabwera njira ina. Ndipita, ndikadya banzi. Mwana wanga masiku ano amawerenga chilichonse chimene chagwera m'manja mwake, ngakhale nyuzipepala yokulungira usipa. Koma aphunzitsi ake onse amandiuza zofanana: amakhala kumbuyo, sakweza dzanja, ndipo m'kalasi mukalowa mlendo amapempha kupita panja.

Chimene chimandibwerera kawirikawiri si dimba lija ayi, ndi asembule ya Lolemba lina patapita masabata angapo chichitikire zija. Ahedi anaima pa sitepe ya ofesi, pansi pa mawu abuluu aja, n'kulengeza kuti pa kuwerenga sukulu yathu yatchulidwa pakati pa zoyambirira m'zoni yonse. Bwalo lonse linasekerera. Ine ndinali pa mzere wa aphunzitsi, ndipo maso anga anapita pa juzi yofiira. Ankaomba m'manja kuposa wina aliyense, akudumphadumpha, akugundana mapewa ndi anzake a kudimba, n'kumandiyang'ana kuti ndimuone. Manja anga aja, amene amaomba okha, tsiku limenelo anangolendewera.

Tikupita kunyumba masana anandigwira chala.

"Amayi, bwanji inu simunaombe? Si tapambana?"

Ndinamuuza kuti ndinanyamula makope.